Kodi Mphunzitsi Angachitire Umboni Chimene Sanachione?

M'chaka cha 2023, akatswiri ena a pa yunivesite ya Reading ku Britain anatchera anzawo msampha. Anatenga mafunso a mayeso a phunziro la kaganizidwe ka munthu n'kuwapereka kwa ChatGPT kuti iyankhe. Mayankhowo anawalemba mayina a ophunzira ongopeka, n'kuwasakaniza ndi mapepala a ophunzira enieni. Ochonga sanauzidwe kanthu. Zotsatira zitatuluka mu 2024, zinapezeka kuti mwa mapepala 100 alionse olembedwa ndi makina, 94 anadutsa popanda wowakayikira, ndipo kawirikawiri malikisi ake ankaposa a ophunzira enieni.

Ochongawo sanali mbuli, komanso sanali aulesi. Phunziro lawo ankalidziwa bwino. Chimene sankachidziwa ndi mlendo amene anali atalowa m'kalasi mwawo, ndipo mapeto ake anasainira ntchito imene panalibe munthu anaigwira.

Phunziro lake likakhala la udokotala, unamwino kapena uzamba, nkhaniyi imasiya kuseketsa. Mayi wa ku Ndirande akamapereka mwana wake wokomoka m'manja mwa dokotala wachinyamata ku Gulupu, safunsa kuti mnyamatayo anakhoza bwanji mayeso. Alibe nthawi, alibenso njira yomuyesera. Amangodalira kuti alipo munthu wina, kwinakwake, amene anamuona mnyamatayu akugwira ntchito nakhutira naye. Munthu ameneyo ndi mphunzitsi wa pa yunivesite. Digiri imene imaperekedwa ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena satifiketi ya ku Malamulo, Ekwendeni ndi Nkhoma, ndi umboni umene mphunzitsi amapereka kwa odwala amene iye sadzakumana nawo.

Zipembedzo zinazindikira kalekale kulemera kwa umboni woterewu. Pa chiphunzitso cha Chisilamu, shehe amapereka chilolezo chotchedwa ijaza kwa wophunzira amene wamumva ndi makutu ake akuwerenga ndi kutanthauzira buku, ndipo chilolezocho chimatchula mayina a aphunzitsi mondondozana, uyu anaphunzira kwa uyu, uyo kwa uje. Wophunzirayo akadzasokeretsa anthu, dzina la mphunzitsi wake lili pomwepo. Akhristu nawo ali ndi lamulo loletsa umboni wonama, ndipo kalata ya Yakobo imachenjeza kuti aphunzitsi adzaweruzidwa mokhwima kuposa anthu ena. Funso lomwe lafika pakhomo pa masukulu a zaumoyo tsopano ndi ili: mphunzitsi amene sadziwa mmene AI, nzeru za makina monga ChatGPT, imagwirira ntchito, pamene ophunzira ake akuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, akamasaina kuti uyu wakhoza, akuchitira umboni chiyani?

Kuti aphunzitsi atsalira m'mbuyo, ziwerengero zikuonetsa. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021 ku Medical College of Georgia ku America, theka lokha la aphunzitsi amene anafunsidwa ndilo linati likudziwako za AI pa ntchito ya chipatala, ndipo ambiri anati zimene ankadziwazo anazimva m'manyuzipepala ndi pa wailesi, osati pa maphunziro. Apa n'kuti ChatGPT isanabadwe. Inatuluka pa 30 November 2022, ndipo pofika February 2023 panali patatuluka kale lipoti loti yafika pafupi ndi malikisi okhozera mayeso a USMLE, amene madokotala amalemba kuti aloledwe kugwira ntchito ku America. Chaka chomwecho UNESCO inafunsa masukulu ndi mayunivesite oposa 450, n'kupeza kuti amene anali ndi malamulo olembedwa okhudza zida zimenezi sanafike 10 pa 100 alionse. Ku Britain, bungwe la Higher Education Policy Institute linapeza mu 2025 kuti ophunzira 92 pa 100 alionse akugwiritsa ntchito AI, koma 42 okha ndiwo ankaona kuti aphunzitsi awo ali okonzeka kuwathandiza nayo. America ndi Britain ndi mayiko amene magetsi sathimathima ndipo bandulo si nkhani.

Aphunzitsi ambiri atadzidzimuka, anathamangira ku upolisi. Analetsa, anaopseza, ndipo mayunivesite anagula mapulogalamu amene amati amagwira zolembedwa ndi makina. Koma mu 2023 akatswiri a ku Stanford anayesa mapulogalamu asanu ndi awiri otere powapatsa nkhani zolembedwa ndi anthu enieni amene Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho. Nkhani zoposa theka anaziweruza kuti analemba ndi makina, pamene za ana a sukulu a ku America pafupifupi zonse anazivomereza kuti analemba ndi anthu. Chifukwa chake n'chosavuta: munthu amene Chingerezi anachiphunzira m'kalasi amasankha mawu odziwika ndi ziganizo zowongoka, ndipo pulogalamuyo imaona ngati ameneyo ndi makina. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, nayo inachotsa chida chake chogwirira zolemba zotere mu July 2023 chifukwa chinkaphonya kwambiri. Choncho mphunzitsi amene akulanga mtsikana wa ku Dedza chifukwa pulogalamu yanena, wachita umboni wonama wa mtundu wina: wanamizira wosalakwa, potsamira pa chida chimene iye mwini sachimvetsa.

Ena anagwera mbali inayo, kugonja. Mu 2016 Geoffrey Hinton, mmodzi wa akatswiri amene anayala maziko a AI ya masiku ano, amenenso anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2024, analangiza kuti mayiko asiye kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray, chifukwa m'zaka zisanu makina adzawaposa. Zaka zisanuzo zinatha, ndipo madokotalawo akusowabe m'mayiko ambiri. Sukulu imene ikanamvera malangizowo bwenzi lero ikulira. Katswiri wa makina analakwitsa pa za chipatala, monga momwe katswiri wa chipatala angalakwitsire pa za makina, ndipo wophunzira ali pakati pa awiriwa.

Nkhawa yoti chida chatsopano chidzaononga mutu wa wophunzira ndi yakale kwambiri. Plato, m'buku lake lotchedwa Phaedrus, anasimba za mfumu ya ku Egypt, Thamus, imene inakana kuyamikira luso la kulemba pamene mulungu Theuth anabwera nalo. Mfumuyo inaona kuti anthu adzasiya kusunga zinthu m'mutu, ndipo adzaoneka ngati anzeru pamene angowerenga zambiri popanda wowaphunzitsa. Anthu amakonda kuiseka mfumuyi. Koma zimene zinachitika ku Poland zikusonyeza kuti inali ndi mfundo. Mu 2025 magazini ya zachipatala ya The Lancet Gastroenterology and Hepatology inafalitsa kafukufuku wa m'zipatala zinayi, kumene madokotala ozolowera ntchito yoyang'ana m'matumbo ndi kamera anayamba kuthandizidwa ndi AI pofufuza tinthu tomera timene tingasanduke khansa. Patangopita miyezi itatu, madokotala omwewo akamagwira ntchito popanda AI ankapeza tinthuto mwa odwala 22 pa 100 alionse, pamene kale ankatipeza mwa 28. Kafukufuku mmodzi satseka mlandu, komabe chenjezo lake lamveka. Ndipo awa anali madokotala amene luso anali nalo kale, linangoyamba kuchita dzimbiri. Nanga wophunzira wa chaka chachitatu amene luso lakelo silinamere n'komwe?

Palinso chodabwitsa china. Mu October 2024 magazini ya JAMA Network Open inafalitsa zotsatira za madokotala 50 a ku America amene anapatsidwa nkhani za odwala zovuta kuti apeze matenda. Amene anagwiritsa ntchito mabuku ndi intaneti mwa nthawi zonse anapeza malikisi 74 pa 100. Amene anapatsidwanso AI yotchedwa GPT-4 anapeza 76. GPT-4 payokha, popanda dokotala, inapeza 92. Chida chakuthwa chinali m'manja mwawo, koma sichinawapindulire, mwina chifukwa panalibe amene anawaphunzitsa kuchifunsa bwino, kapena kudziwa nthawi yochimvera ndi nthawi yochitsutsa. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikameta kokha.

Aristotle anasiyanitsa mitundu ya kudziwa. Pali kudziwa mfundo zimene sizisintha, pali luso lochita chinthu, ndipo pali nzeru yosankha choyenera kuchita pa nthawi iyi, kwa munthu uyu. Mayeso olemba amayesa mtundu woyamba, ndipo pamenepo makina afika kale. Mitundu inayo imaoneka pa bedi la wodwala. Chitsanzo chili ku Blantyre konkuno. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa ana odwala malungo a mu ubongo, imene dziko lonse likuidziwa ndi dzina loti Blantyre Coma Score. Malikisi ake amayambira pa 0 kufika pa 5. Woyeza amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake. Amatikita chifuwa cha mwanayo ndi mfundo za zala zake, kapena kukanikiza chikhadabo ndi pensulo, n'kuona ngati dzanja la mwana likupita pamene pakupwetekapo kapena likungothawa. Kenaka amamvetsera kulira. Mwana akalira monga amalirira mwana womva kuwawa, ndi malikisi 2. Akangobuula kapena kulira mwachilendo, ndi 1. Akakhala chete, ndi 0.

ChatGPT ikhoza kulakatula zonsezi popanda kuphonya. Koma kusiyanitsa kulira kwa 2 ndi kulira kwa 1, m'wodi modzaza ana ena olira, mayi akunjenjemera pambali, wophunzira amakuphunzira ataima pafupi ndi munthu amene wakumva kambirimbiri, amene amamuuza kuti, “Mvetserani bwino, kumeneko si kulira.” Chimodzimodzi wodwala akamati thupi lonse likuphwanya, kapena gadiyani akamayankha m'malo mwa wodwala amene wangoyang'ana pansi. Pali zimene zikunenedwa ndi zimene zikubisidwa, ndipo makina amangolandira zimene munthu wawalembera.

Wina anganene kuti basi, mphunzitsi akhale pa bedi la wodwala, za makina azisiyire a kompyuta. Maganizo amenewa ndi okoma kumva, koma ndi olakwa, ndipo chipatala cha Bangwe chikusonyeza chifukwa chake.

Mu 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga zithunzi za X-ray ya chifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Chaka chomwecho, Peter MacPherson ndi anzake a ku Malawi-Liverpool-Wellcome anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa PROSPECT, amene anachitikira pa chipatala cha Bangwe pakati pa akuluakulu obwera ndi chifuwa. Odwala TB amene anajambulidwa n'kuwerengedwa ndi pulogalamu ya CAD4TB ankayamba mankhwala patangopita tsiku limodzi, pamene mwa njira ya nthawi zonse zinkatenga masiku 11, ngakhale ofufuzawo anaonanso kuti mtengo wake unali wokwera. Pulogalamuyi simanena kuti munthu ali ndi TB kapena alibe. Imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 100, ndi chithunzi cha mapapo chokhala ndi mitundu pamene yakayikira. Munthu ndiye amasankha malire, kuti kuyambira nambala yakuti wodwala apereke makhololo akayezedwe pa makina a GeneXpert. Malirewo akatsitsidwa kwambiri, anthu ochuluka opanda TB amayezedwa, zipangizo zoyezera n'kutha mwezi usanathe. Akakwezedwa kwambiri, bambo wodwala amabwerera kwawo kukatsokomolera ana ake m'chipinda chimodzi. Komanso munthu amene anachira TB kale amatsala ndi zipsera m'mapapo, ndipo pulogalamuyo imamupatsa nambala yokwera ngakhale matenda anatha.

Nambala imodzi imeneyo yanyamula chiweruzo cha ndani athandizidwe, ndani adikire. Ndi nkhani ya chikumbumtima yovala malaya a masamu. Mphunzitsi amene sadziwa kuti malirewo alipo, ndipo kuti anawaika ndi munthu, adzatulutsa madokotala ndi anamwino amene adzaona nambala ija ngati mawu ochokera kumwamba.

Ku America zoterezi zinavulaza kale anthu. Mu 2019 Ziad Obermeyer ndi anzake anaonetsa m'magazini ya Science kuti pulogalamu imene zipatala zambiri zinkagwiritsa ntchito posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera inkayeza kudwala poona ndalama zimene munthu anawonongerapo kuchipatala. Popeza anthu akuda ankalandira chithandizo chochepa kuyambira kale, pulogalamuyo inkawaona ngati athanzi. Atakonza cholakwikacho, anapeza kuti gawo la odwala akuda oyenera thandizolo likanakwera kuchoka pa 18 kufika pa 47 mwa 100 alionse. Mu 2018 akatswiri ena ku New York anapeza kuti pulogalamu yofufuza chibayo pa X-ray inali itaphunzira kuzindikira chipatala chimene chithunzi chachokera, mwa zina poona kachitsulo kolembedwa kamene ojambula amaika pakona, n'kumalosera matenda potengera kuchuluka kwa odwala pa chipatalacho. Inkakhoza mayeso, koma pa chifukwa cholakwika. Mphunzitsi aliyense amamudziwa wophunzira wotero.

Kudziwa kumene kukufunika kwa mphunzitsi wa zaumoyo n'kumeneku. Palibe akumupempha kuti apange pulogalamu, monga momwe palibe anamupempha kupanga makina a X-ray asanaphunzitse za mapapo. Koma adziwe kuti chida chinaphunzira pa odwala ati, chimalakwitsa pati, ndipo chikalakwitsa amavulala ndani. Adziwe kuti ChatGPT ndi anzake amalumikiza mawu motsatira zimene zimakonda kutsatana m'zolembedwa zimene anameza, motero akhoza kupeka dzina la buku, la wolemba ndi chaka chake, zonse zooneka ngati zenizeni, popanda kuphethira. Adziwe kuti yankho lingakhale lolondola ku Boston koma losathandiza ku Nsanje, kumene mankhwala otchulidwawo mulibe m'famase, ndipo namwino ayenera kutsata malangizo a Unduna wa Zaumoyo, amene pa malungo osakula kwambiri akhala akunena LA kuyambira 2007. Adziwenso kuti wophunzira akalemba dzina la wodwala ndi zotsatira za magazi ake m'foni kuti AI imuthandize, chinsinsi chija chachoka m'wodi, chawoloka nyanja. Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu kuyambira 2024, koma lumbiro losunga chinsinsi cha wodwala ndi lakale kuposa lamulolo.

Mpingo wa Katolika unalankhulapo. Mu January 2025 Vatican inatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chimene chili ndi magawo okamba za chipatala ndi za maphunziro. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti udindo wa chabwino ndi choipa uli pa munthu yekha, kuti chisankho cha chithandizo cha wodwala chisachoke m'manja mwa munthu, ndiponso kuti makina asalowe m'malo mwa ubale wa wodwala ndi womusamalira. Oganiza a kuno, monga mbusa Augustine Musopole amene analemba zambiri za umunthu, anafika pa mfundo yofanana podzera njira ina: munthu amadziwika ndi mmene amayankhira kwa anzake. Chithandizo chikalakwika mwana n'kumwalira, pali wina amene ayenera kutuluka m'wodi, kukhala pansi ndi abale, n'kunena kuti pepani. Pulogalamu imatha kulemba mawu opepesa okoma kwambiri, koma sitaya tulo, silandidwa chiphaso, ndipo sifika pa maliro. Udindo wonse umatsalira dokotala wachinyamata uja, ndipo kumbuyo kwake kuli amene anamusainira.

Aphunzitsi nawo ali ndi dandaulo lomveka. Munthu yemweyo m'mawa ali m'wodi, masana m'kalasi la ophunzira ochuluka, madzulo akuchonga, usiku aitanidwa kuchipatala. Aphunzire liti za AI, ndi bandulo ya ndani? Dandauloli ndi loona, ndipo mlandu wake waukulu uli pa mayunivesite ndi boma, osati pa mphunzitsi payekha. Koma kutopa sikusandutsa umbuli kukhala chilungamo. Ndipo kukana chidacho kotheratu nakonso kuli ndi mtengo. Ku Nairobi, zipatala za Penda Health zinayesa pulogalamu yochenjeza ogwira ntchito akamalakwitsa, pa maulendo a odwala pafupifupi 40,000, ndipo lipoti la mu 2025 linati zolakwika pa kupeza matenda zinachepa ndi 16 pa 100, za chithandizo ndi 13. Lipotilo analilemba limodzi ndi OpenAI, eni ake a malonda, choncho lifunika kuliwerenga ndi diso lakuthwa. Diso limenelo ndi limene mphunzitsi ayenera kukhala nalo, n'kulipereka kwa ophunzira. M'dziko limene chipatala chaching'ono cha kumudzi chimayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri opanda dokotala wamkulu woti amufunse, kutaya thandizo lotere popanda kuliyesa kungakhale kulakwira odwala.

Chovuta kwambiri mwina si nthawi kapena ndalama, koma ulemu. Pa chikhalidwe chathu, mphunzitsi safunsa mwana. Pulofesa amene ophunzira amaimirira akalowa, kuti akhale pansi ndi mnyamata wa chaka chachiwiri n'kunena kuti, “Tandionetsani mmene mumachitira,” pafunika mtima. Komabe kalasi yotero ndi yotheka mawa lomwe, popanda thandizo la kunja. Mphunzitsi abweretse nkhani ya wodwala atachotsamo dzina ndi mudzi, ophunzira afunse makina pamaso pake, yankho lionekere onse, ndipo kalasi yonse ilisende: apa yakhoza, apa yapeka, apa yaiwala kufunsa ngati mayiyu ali woyembekezera, mankhwala awa kuno kulibe. Ophunzira amadziwa kufunsa makina, mphunzitsi amadziwa wodwala, ndipo onse amatuluka ataphunzira. Pa mayeso, malikisi ochuluka asamukire kumene mphunzitsi amaona ndi maso ake: pa bedi, pa mayeso a pakamwa, ndi pa mayeso oyenda malo ndi malo otchedwa OSCE, amene Ronald Harden anayambitsa ku Dundee m'zaka za m'ma 1970. Ntchito yolembera kunyumba ikhalepobe, koma wophunzira aziitanidwa kudzaiteteza pamaso.

Pa funso lija, yankho ndi lakuti ayi. Mphunzitsi wosadziwa zimene AI ingathe ndi zimene singathe sangachitire umboni woona wophunzira wa masiku ano, ngakhale atakhala katswiri wotani pa phunziro lake. A Medical Council of Malawi, a Nurses and Midwives Council of Malawi ndi a National Council for Higher Education, amene amayendera masukulu kuwerenga mabuku, mabedi ndi madigiri a aphunzitsi, awonjezere mafunso awiri pa ulendo wotsatira: aphunzitsi a pano anaphunzitsidwa liti za zida zimenezi, ndipo ndi malikisi angati a wophunzira amene anaperekedwa mphunzitsi akumuona ndi maso?